Kufunafuna Mzungu wa ku India

Mzinda wa Blantyre ndi mudzi wa alendo. Mukaima pa bwalo la tchalitchi Lamulungu m'maŵa, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa kapena kwathu kuno ku Chilomoni, mudzamva malilime a Ayao, Alomwe, Asena, Angoni ndi Atumbuka, ndipo aliyense mukamfunsa kwao adzakuuzani mudzi, mfumu ndi mtsinje umene amamwa. Pakati pa anthu omwewo mudzaonanso ena a khungu loyererapo ndi tsitsi lofeŵa, amene timaŵatchula kuti makaladi, dzina limene ena amalilandira pamene ena limaŵapweteka mtima. Ameneŵa mukaŵafunsa za kuchikazi amayankha mosadodoma, monga wina aliyense. Mukaŵafunsa za kuchimuna, mau amachepa.

Ine ndine wa banja lotere. Agogo anga, amene adabereka amai anga, ankanena kaŵirikaŵiri kuti, "Bambo anga anali mzungu wa ku India." Anthu oyandikana nao ankaseka, namati mzungu kwao ndi ku Mangalande, ku India kumachokera Amwenye, tsono munthu mmodzi angakhale bwanji zonse ziŵiri? Agogowo sankatsutsana ndi munthu. Ankangobwereza mau aowo monga momwe adaŵalandirira kwa mai wao, osaonjezapo kapena kuchotsapo. Atamwalira, mauwo adatsala m'banja mwathu ngati kiyi wopanda chitseko chake. Nditapuma pa ntchito yauphunzitsi ndidaganiza zofunafuna chitsekocho, ndipo zimene ndikufuna kukuuzani, abale anga, ndi za khalidwe la mapepala a atsamunda: zimene adasunga mosamala, ndi zimene sadaone chifukwa chozilembera.

Choyamba chimene chimatsekereza munthu pa ulendo wotere ndi dzina. Makolo athu sankavutika ndi maina a azungu opinda lilime, ankangoŵapatsa ao. John Moir wa kampani ya African Lakes adamutcha Mandala chifukwa cha magalasi a m'maso mwake, ndipo dzinalo lidakula mpaka kuphimba kampani yonse ndi dera lonse la mu mzinda muno. William Jervis Livingstone wa ku Magomero anthu ankamdziŵa kuti Listonia. Nayenso mzungu wathuyu anali ndi dzina lake lakumudzi, lonena za kayendedwe kake, koma dzina lotere simungalipeze m'kaundula aliyense wa Boma. Chimene chidandithandiza ndi amai anga aang'ono, mdzukulu wa mai yemwe uja adabereka agogo anga, amene akali moyo kumudzi kwathu cha ku Thyolo ngakhale maso adayamba kuchita chidima. Iwoŵa adakumbukira dzina la esiteti imene mzunguyo ankayang'anira, ndiponso m'mene akapitao ankatchulira dzina lake lenileni. Lidali lopindika ndithu, koma mafupa ake anali momwemo.

Ndi zinthu ziŵirizi ndidakwera basi kupita ku Zomba, ku nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za dziko lathu. Nyumbayi idayamba mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives imene likulu lake linali ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Wofufuza aliyense akafika kumeneko amayamba wamva za moto. Mu 1919 maofesi aakulu a Boma ku Zomba adapsa, ndipo pamodzi nao padapsa makalata ochuluka a Boma kuyambira mu 1891, pamene Harry Johnston adakhazikitsa ulamuliro wa Britain m'dziko muno. Zaka zimene ine ndinkazifuna, kuchokera pamene njanji idafika mu Blantyre mu 1908 mpaka nkhondo ya 1914, zinali m'kati mwa phulusa limenelo. Makalata amene Bwanamkubwa ankatumiza ku London adapulumuka chifukwa adasungidwa kumeneko, ndipo alipo mpaka lero ku Kew; koma Bwanamkubwa sankalembera London za woyang'anira esiteti wamba.

Komabe mzungu satayika msanga pa pepala. Zinthu zosindikizidwa zidapulumuka poti zinali m'manja ambiri: Gazeti ya Boma, ndi nyuzipepala ya azungu a kuno imene idayamba mu 1895 ndi dzina loti Central African Planter, pambuyo pake nkudzatchedwa Nyasaland Times. Zina ndidaziŵerenga ku Zomba komweko, zina ku laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba ya 1882 ija. M'menemo munthu wathu ndidampeza kangapo konse. Ndidampeza akufika pa sitima yapamadzi kudzera ku Chinde, kumathiriro a Zambezi, kuchokera ku Bombay. Ndidampeza pa mndandanda wa olandira chilolezo cha mfuti. Ndidampeza akuseŵera mpira wa azungu tsiku lina lachikondwerero. Potsiriza ndidapeza chidziŵitso cha malonda a katundu wake pamene ankachoka m'dziko muno: mipando, mbale, njinga yakapalasa, mfuti ziŵiri, ngakhale nyale. Ndidaŵerenga mndandandawo pang'onopang'ono, kaŵiri. Zonse za m'nyumba mwake zinalipo, kupatula mkazi amene ankakhala kuseri kwa nyumbayo ndi kamwana kamene kanali kumsana kwake.

Sindikunena kuti alembi aja adachita kubisa. Ai, kubisa kumafuna kuti munthu ayambe waona kuti pali kanthu. Malamulo enieniwo ndiwo adaŵaphunzitsa poyang'ana. Lamulo la 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza anthu amene sanali Aafirika okha. Ife eni dziko Boma linkatiŵerenga ndi nyumba, chifukwa cha msonkho. Kulembetsa mwana aliyense wobadwa m'Malaŵi kudakhala lamulo ndi National Registration Act ya 2010, imene idayamba kugwira ntchito mu 2015, dzulodzulo lomweli. Motero mwana wa mzungu ndi mkazi wakuda ankaloŵa m'kaundula pokhapokha bambo wake atafuna. Bambo wa agogo anga sadapite kukaŵalembetsa.

Boma lenilenilo silinkadziŵa poika ana otere. Mu 1929 bwalo lalikulu la milandu mu Blantyre lidazenga mlandu wa ngongole ya galimoto pakati pa mzungu wamalonda, Ernest Carr, ndi Suleman Abdul Karim, amene bambo wake anali Mmwenye koma mai wake wa konkuno. Poti panali lamulo lapadera lonena za kukongoza mbadwa, mlandu wa ndalama udasanduka funso lakuti, kodi Karim ndi mbadwa? Woweruza, Haythorne Reed, adagamula kuti sanali mbadwa, ndipo chigamulo chimenechi chidautsa makalata ambirimbiri pakati pa Zomba, London ndi maiko ena olamulidwa ndi Britain kwa zaka zingapo. Chaka chomwecho kudabadwa bungwe la Anglo-African Association, limene mmodzi mwa atsogoleri ake odziŵika anali Henry Ascroft. Anthuŵa ankapempha sukulu za ana ao ndi malo aoao pamaso pa lamulo, ndipo mfundo yao yaikulu inali magazi a abambo ao Achingerezi. Mbiri yao adailemba Christopher Lee m'buku lake la 2014 lotchedwa Unreasonable Histories. Ine sindiŵaweruza madoda amenewo, pakuti ankagogoda pa khomo lokhalo limene linkaoneka ngati lingatsekuke. Koma poŵerenga zopempha zao ndidaona chomwe chija: abambo ali ponseponse, amai ali zii.

Tsono za ku India. Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito yaunamwino ku Leicester, mzinda umene udalandira Amwenye ambiri ochokera kuno pamene Boma la Dr. Banda lidaŵachotsa m'malo a malonda a kumidzi m'zaka za m'ma 1970. Nditamtumizira dzina ndi mau oti Bombay, adandiyankha kuti, "Malume, ngati munthuyu adabatizidwa ku India, ndimpeza." Sadanene modzitama. Ku British Library mu London kuli zolembedwa za India Office, ndipo pakati pake pali makope a mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro amene abusa a ku India ankatumiza kwao: a ku Madras kuyambira mu 1698, a ku Bombay mu 1709, a ku Bengal mu 1713, mpaka nthaŵi imene India adalandira ufulu mu 1947. Ambiri mwa mabukuŵa tsopano amaoneka pa intaneti, ndipo kuli bungwe la anthu odzipereka, Families in British India Society, limene limathandiza ofufuza makolo ao. Taganizani, abale: mwana wa msilikali amene adabatizidwa ku Madras zaka mazana atatu zapitazo ali ndi tsamba lake, pamene ambiri a ife sitingaloze pepala la agogo athu.

Kuti mumvetse zimene mtsikanayu adapeza, ndiyenera kufotokoza mau oti Anglo-Indian. Poyamba mauŵa ankatanthauza Mngerezi wokhala ku India. Ana obadwa kwa azungu ndi akazi a ku India ankatchedwa Eurasian, ndipo ndi pa kalembera wa 1911 pamene Boma lidaŵapatsa dzina la Anglo-Indian. Mtundu umenewu sudabadwe mwangozi. Mu 1687 akuluakulu a East India Company adalamula kuti mai wa ku India wobereka mwana wa msilikali wao ku Madras azipatsidwa kandalama pa tsiku la ubatizo wa mwanayo. Koma anawo atachuluka, kampani yomweyo idaŵatsekera maudindo akuluakulu mu 1791. Pambuyo pake adapeza malo ao pa ntchito za njanji, za mtengatenga wa makalata ndi za lamya. Ndipo lamulo la 1935, limene malamulo a dziko la India a 1950 adalitsata, lidati Anglo-Indian ndi munthu amene kholo lake lakuchimuna, potsata abambo okhaokha, lidachokera ku Ulaya. Kumenekonso mzere woŵerengedwa unali wa abambo.

Patapita milungu ingapo mtsikana uja adanditumizira zithunzi za masamba anai. Munthu wathu adabatizidwa m'chigawo cha Madras. Bambo wake ankagwira ntchito ya njanji. Agogo ake anali kalaliki. Tsamba lachinai, lakale kuposa onse, linali la ubatizo wa mwana wa msilikali wa kampani ija. Dzina la msilikaliyo lidalembedwa lonse, pamodzi ndi udindo wake ndi gulu lake lankhondo. Pa malo a mai padangolembedwa kuti mkazi wa m'dzikomo.

Ndidakhala nthaŵi yaitali ndikuyang'ana tsamba limenelo. Agogo anga adanena zoona zenizeni, liwu ndi liwu: anali mzungu, ndipo anali wa ku India. Mai wosadziŵa kulemba adasunga nkhani imeneyi molondola, naipereka kwa mwana wake, ndipo idadikira zaka zoposa zana kuti pepala lidzaivomereze. Koma chimene chidandigwira mtima kwambiri nchakuti munthu amene adasiya mkazi wopanda dzina ku Thyolo, iye mwini anali chidzukulu cha mkazi wopanda dzina ku Madras. Kwao kuja mwina sakadaloledwa kukhala pa mpando umodzi ndi Angerezi obadwira ku Mangalande. Ataoloka nyanja, Gazeti ya kuno idamuŵerengera pamodzi ndi azungu, popanda wofunsa za agogo ake. Ine ndimaganiza, ngakhale sindingaloŵe mumtima mwa wakufa, kuti munthu amene wangolandira kumene uzungu wake amaopa kwambiri kuonedwa atanyamula mwana wofiirira. Kumvetsa mantha akewo sikuchotsa njala imene mai ndi mwana adaiona iye atapita. Azungu ena a nthaŵi yomweyo adavomera ana ao, naŵalipirira sukulu, ena mpaka kuŵasiyira malo. Njira inalipo, ndipo inkadziŵika.

Dzina la mai uja ndidalipeza pa pepala limodzi lokha m'dziko lonse lapansi, ndipo pepalalo silinali la Boma. Ansembe a chipani cha Montfort adafika ku Nzama mu 1901, nafalikira m'mapiri a kuno kumwera, ndipo kulikonse kumene adakhazika mishoni adatsekula buku la ubatizo, potsata lamulo la Msonkhano wa ku Trent la 1563. M'buku lotere mumalembedwa dzina la wobatizidwa, la bambo, la mai, la mudzi, ndi la amene adamuimira pa ubatizo. Bambo Mfumu wa parishi ya kwathu adandilola kuona buku lakale, atandikhazika pa tebulo ndi kundichenjeza kuti ndisanyowetse chala potsekula masamba. Linali lolembedwa m'Chilatini, ndi inki imene idasanduka yofiirira. Wansembe Wachifalansa adalemba dzina la maiyo monga momwe khutu lake lidamvera, kuika "ou" pamene ife timalemba "u", ndi "tch" pamene timalemba "ch". Ndidachita kuliŵerenga mokweza kuti ndilizindikire, ndipo nditalimva m'kamwa mwanga, linali lomwe lija amai anga aang'ono amatchula.

Pa malo a bambo padalembedwa liwu limodzi, ignotus, ndiye kuti wosadziŵika. Poyamba munthu ungaseke, pakuti mudzi wonse unkamdziŵa, ndipo wansembeyo ayenera kuti ankadutsa pa khomo pake popita ku masukulu a kumidzi. Koma lamulo la Mpingo pa nkhani imeneyi nlomveka, ndipo lilipo mpaka lero: dzina la bambo wa mwana wobadwa kunja kwa ukwati limalembedwa pokhapokha ngati pali chikalata chotsimikiza, kapena bamboyo wavomera yekha. Wansembe saloledwa kulemba mphekesera, ngakhale zoona. Choncho m'buku la Boma muli bambo wopanda mwana, m'buku la Mpingo muli mwana wopanda bambo, ndipo mabuku aŵiriŵa adakhala zaka zonsezi pa mtunda wosakwana ulendo wa tsiku limodzi, osadziŵana.

Kwa inu amene mungafune kuyenda njira yomweyi, m'mphepete mwa tsamba la ubatizo ndimo muli chuma. Kuyambira mu 1908, potsata chilamulo chotchedwa Ne Temere, ukwati wa Mkatolika umalembedwanso pambali pa ubatizo wake, ngakhale ukwatiwo utachitikira ku parishi ina. Kamzere kameneko ndiko kadandionetsa chaka chimene agogo anga adasamukira ku Limbe ndi tchalitchi chimene adakwatiŵira. Mabanja a Agoa, Akatolika anzathu amene ambiri adabwera kuno ngati akalaliki ndi atelala, ali ndi mwai woposa, chifukwa mabuku a maparishi a ku Goa, dziko limene linali m'manja mwa Apwitikizi mpaka 1961, amabwerera m'mbuyo mibadwo yambiri. Chondidetsa nkhaŵa ndi mabuku athu a konkuno. Ndidaona lina, ku parishi ina imene sinditchula, litadyedwa ndi chiswe kuyambira pachikuto mpaka pakati, ndipo maina a mudzi wathunthu adasanduka dothi. Kujambula masamba otere ndi foni ndi ntchito ya masana amodzi, ngati Bambo Mfumu ndi akuluakulu a mpingo atagwirizana.

Zotsala zonse ndidazimva pa mkeka. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto wa ku Zomba uja sudafike kumudzi. Kwathu mwana ndi wa kwa mai wake. Mbumba imaŵerengedwa potsata bere, ndipo mwamuna, kaya ndi mkamwini wolima kaya mzungu wa mfuti ziŵiri, ndi wobwera. Nchifukwa chake agogo anga sadasoŵe kwao. Atsibweni ao adaŵalandira monga mwana wina aliyense wa mlongo wao, naŵapatsa munda. Amai anga aang'ono adanditchulira akazi asanu ndi mmodzi motsatana, mai ndi mwana, mai ndi mwana, kubwerera mpaka kwa amene adaoloka malire kuchokera ku Mozambique pamodzi ndi Alomwe anzake, pothaŵa nkhanza za Apwitikizi, nadzakhala pa malo a esiteti polipira ndi thangata. Adandiuza kuti mai uja anali wodziŵa kuumba mbiya, kuti anali wamfupi, kuti sankadya nyama ya nkhumba chifukwa inkamtulutsa ziwengo, ndiponso kuti atachoka mzungu adakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa nabereka ana ena anai. Adandiperekeza ndi mdzukulu wao kukaona manda ake, pansi pa mtengo wa mbawa.

Ndidaŵafunsa funso limene lidandivuta masiku onseŵa. Ndidati, "Amai, kodi kunyumba kwa mzungu kuja adapita mofuna okha?"

Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Mwananga, malo anali ake, munda unali wake, kapitao anali wake. Iwe ukuti munthu akadayankha chiyani?" Sadaonjezepo, ndipo ine sindidafunsenso.

Mtsikana wa ku Leicester sadalekere pomwepo. Adatsata mzungu uja atachoka kuno, napeza kuti adabwerera ku India, adakwatira mu tchalitchi, ndipo ana ake adasamukira ku Perth, ku Australia, monga adachitira Anglo-Indian ambiri India atalandira ufulu. Adapezanso mdzukulu wake wamkazi, mai wachikulire amene nayenso ankafufuza makolo ake, koma mu mtengo wa banja umene adajambula, zaka za ku Nyasaland zinali mzere umodzi wopanda nthambi. Tidakambirana m'banja ngati nkoyenera kumlembera. Ena adati tisautse mizimu yogona. Ena adaopa kuti adzayesa tikufuna ndalama. Mlongo wanga ndiye adadula nkhani. Adati, "Achimwene, lembani. Sitikupempha kanthu. Koma muyambe ndi dzina la agogo athu aakazi, lao lija libwere pambuyo." Ndidatero. Mzere woyamba wa kalatayo unali dzina la woumba mbiya uja, lolembedwa m'kalembedwe kathu, ndi dzina la mudzi wake.

Yankho lidabwera patapita miyezi iŵiri. Linali lalifupi ndi laulemu, la munthu amene wadzidzimuka koma sakufuna kuthaŵa. Adafunsa katchulidwe ka dzinalo, nati waliika pa mtengo wake uja. Adatumizanso chithunzi: mwamuna woonda wa ndevu zapamlomo, atavala chipewa chachikulu, ataima pa khonde la nyumba ya njerwa, kumbuyo kwake kukuoneka phiri limene aliyense wa kwathu angalizindikire.

Ndidapita nacho kumudzi. Amai anga aang'ono adachiyandikiza kumaso, nachitembenuzira ku dzuŵa, nachiyang'ana nthaŵi yaitali. "Makutu aŵa," adatero, "ndi a malume ako aja adamwalira ku Bangwe." Adandibwezera chithunzicho, nakokera lichero pafupi, napitiriza kusenda nandolo zao.